Kuseta sensa ya ultrasonic yoyeza madzi m'thanki

Sensa ya ultrasonic yomangidwa padenga la thanki siyeza madzi. Imayeza mpata wa mpweya umene uli pakati pa nkhope yake ndi pamwamba pa madziwo, kenako imachotsa mpatawo pa nambala yomwe inuyo munailowetsa ngati kuya kwa thanki. Nambala imeneyo ikalakwika ndi masentimita 15, chilichonse chimene sensayo idzanene chidzakhala cholakwika ndi masentimita 15, ngakhale itakhala yatsopano yongotuluka m'katoni. N'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchitoyi limachitika ndi tepi yoyezera, mabatani asanakhudzidwe n'komwe.

Sensa imaponya kamawu kamene khutu la munthu silingamve, ka pakati pa 40 ndi 70 kHz m'masensa ang'onoang'ono a m'mathanki, n'kuwerenga nthawi imene mawuwo atenga kuti agunde madzi ndi kubwerera, monga mmene mawu anu amabwererera mukafuula m'chitsime chakuya. Mumpweya wotentha madigiri 20, mawu amathamanga pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Madzi akakhala mamita 4.5 pansi pa sensa, ulendo wopita ndi wobwera ndi mamita 9, ndipo umatenga mamilisekondi pafupifupi 26. Yankho limatuluka pa mawaya awiri ngati karenti yoyezedwa mu mamiliampu (mA): 4 mA thanki ikakhala yopanda madzi, 20 mA ikadzaza.

Titenge thanki yachitsulo yoimirira, yozungulira, ya mamita 3 m'mimba mwake, yosunga madzi oyera amene pampu imathira kuchokera pamwamba. Sensa yake ndi ya mawaya awiri yofika mamita 5, monga Prosonic FMU40 ya Endress+Hauser kapena VEGASON 61 ya VEGA. SITRANS Probe LU ya Siemens ili m'gulu lomweli koma imafika mamita 6 kapena 12. Mayina a m'menyu amasiyana, zofunsidwa n'zimodzimodzi.

Malo oikapo sensa

Pafupi ndi nkhope ya sensa pali dera limene siona kanthu. Ikangoponya mawu, nkhopeyo imapitiriza kunjenjemera kwa kanthawi, ndipo mawu obwerera msanga amasochera m'kunjenjemerako. Buku la sensa limatcha dera limeneli blocking distance kapena blanking. Pa masensa ofika mamita 5 limakhala masentimita 25, pa ena ofika mamita 8 limakhala 35. Madzi akalowa m'derali, si nthawi zonse pamene sensa imanena kuti yasiya kuona. Nthawi zina imagwira mawu amene agunda madzi kawiri, n'kuwerengera mtunda wowirikiza, ndiye imauza PLC, kakompyuta ka m'panelo kolamulira pampu, kuti m'thanki mudakali malo chonsecho madzi akusefukira kale. Ili ndiye vuto loopsa kuposa ena onse, chifukwa pampu imapitiriza kuthira. Kwezani sensa mpaka mlomo wa paipi yosefukira ukhale pansi pa nkhope yake ndi mtunda wa blocking distance kuwonjezapo masentimita osachepera 10. Madzi sangapitirire paipi yosefukira, choncho sadzafika m'dera loipalo.

Mawu amafutukuka akamatsika. Pa sensa imene buku lake likunena madigiri 11, chulukitsani mtunda ndi 0.096 kuti mudziwe kukula kwa bwalo kuchokera pakati pake. Pa mamita 4.7 mupeza masentimita 45 mbali zonse. Chilichonse cholimba chimene chili m'bwalo limeneli chimabweza mawu: makwerero a m'kati, paipi yothira, chitsulo chopingasa chogwira makoma, mzere wotumphuka pomwe anawotcherera, ngakhale float switch (switch yoyandama pamadzi) yolendewera pa waya. Lamulo lodziwika ndi kusiya pakati pa khoma ndi sensa gawo limodzi mwa magawo 6 a m'mimba mwa thanki, lomwe pathanki yathu ndi masentimita 50. Mwaona kuti manambala awiriwa akugwirizana. Bwalo la masentimita 45 likufika pansi osakhudza khoma.

Musaike sensa pakatikati pa denga, makamaka denga lokhota ngati mbale yovundikira, chifukwa denga lotere limasonkhanitsira pakatipo mawu onse ongozungulira m'thanki. Musaiikenso pamwamba pa pomwe madzi amagwera pothira. Nkhope yake iyang'ane madzi mwachindunji. Ikani levulo pamwamba pa kapaipi koimangirako musanamange, poti kupendekeka kwa madigiri ochepa chabe kumakankhira mawu obwerera kukhoma, ndipo vutolo limaonekera thanki ikatsala pang'ono kuuma, pamene mtunda watalika.

Kapaipi komangirako sensa kakhale kakafupi, kotakata ndi kosalala m'kati. Kabwino koposa ndi kamene nkhope ya sensa imatulukira kunsi kwake. Zikakanika, tsatirani tebulo la m'buku: kapaipi ka mainchi 2 kasatalike kupitirira masentimita pafupifupi 8, ka mainchi 4 kakhoza kufika 30. Palani ndi tupa mano onse otsalira kumlomo wapansi. Mazinga a sensa ndi apulasitiki, ndiye mangani pogwira pamalo a ngodya zisanu ndi imodzi okha, osati popotokola mutu wa sensa, ndipo sipanala ya mapaipi isayandikire.

Ngati thanki ili padzuwa, ikirani sensa kadenga kolola mphepo kudutsa. Liwiro la mawu limakwera ndi pafupifupi 0.17 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo sensa imakonza masamu ake podalira kachipangizo koyeza kutentha kamene kali m'thupi mwake momwemo. Dzuwa la mu October likawotcha thupilo kufika madigiri 45 pamene mpweya wa m'thanki uli pa 30, sensa imaganiza kuti mawu akuthamanga kuposa mmene zilili. Pa mtunda wa mamita 4 imalakwitsa ndi masentimita 10, n'kunena madzi ochepa kuposa amene alimo. Pathanki yathu amenewo ndi malita opitirira 700 osowa masana n'kubwerera usiku.

Manambala anayi a tepi

Zimitsani pampu, tsekani switch yake ndi loko, ndipo valani lamba pokwera. Simufunika kulowa m'thanki, ndipo musalowemo popanda chilolezo ndi munthu wodikira panja. Tepi yachitsulo yomangirira kolemera kunsonga ikwanira.

Yezani kuchokera pomwe padzakhale nkhope ya sensa, osati kuchokera padenga kapena pamlomo wa kapaipi. Apa mpamene ambiri amatayira masentimita 5 mpaka 10, chifukwa nkhope imalowa m'kati kupitirira mazinga. Yezani kaye pa sensa yeniyeniyo kutalika kuchokera pomwe imakhalira pa kapaipi kufika kunkhope, n'kuchotsa pa zimene tepi yanena. Mabuku ena amaika poyambira kuyeza pamalo ena a thupi la sensa, ndiye onani chithunzi cha m'buku lanu. Pulani ya thanki musaikhulupirire. Omanga amasintha zinthu pamalo, ndipo pansi pa thanki yakale pamakhala matope.

Tinene kuti mwapeza izi. Kuchokera kunkhope kufika pansi pa thanki, mamita 4.70. Kuchokera pansi kufika pamwamba pa paipi yotulutsa madzi, 0.20. Kuchokera pansi kufika pamlomo wa paipi yosefukira, 4.30. Nambala yachinayi ndi mtunda wochokera kunkhope kufika pamadzi a lero. Ilembeni, muifuna posachedwa.

Tsopano sankhani pamene pakhale ziro. Ena amaika pansi penipeni pa thanki, koma madzi a pansi pa paipi yotulutsa palibe amene angawagwiritse ntchito, ndipo woyang'anira akaona 5 peresenti pasikirini amaganiza kuti kanthu katsala pamene pampu ikukoka mpweya. N'kwabwino kuika ziro pamwamba pa paipi yotulutsa: 4.70 kuchotsa 0.20, yankho 4.50. Pa 100 peresenti tengani mamita 4.00 pamwamba pa ziro. Amenewo ndi masentimita 10 pansi pa paipi yosefukira ndi masentimita 50 pansi pa nkhope, kutali ndithu ndi dera losaona lija. Nambala yosalala ngati 4.00 ili ndi ubwino wina: 1 mA iliyonse ikuimira masentimita 25, zimene munthu angawerengere m'mutu ali pamwamba pa thanki.

Mawaya

Mawaya awiri omwewo ndi amene amadyetsa sensa magetsi ndi kunyamula uthenga. Plus ya 24 V DC imapita ku plus ya sensa, minus ya sensa imapita ku input ya PLC, ndipo common ya input imabwerera ku minus ya power supply. Musanalumikize, fufuzani ngati khadi la PLC limapereka lokha 24 V pa input. Likakhala lotero, power supply yakunja sifunika, ndipo kuiwonjezera kungawononge khadilo.

Chilichonse chimene mwaika pamzerewu chimadyako mavolti. Onani pa sensa mavolti ochepetsetsa amene imafuna, muwachotse pa 24, mugawe ndi 0.022 (ndiye kuti 22 mA). Ikafuna 14 V, yankho ndi pafupifupi 450 Ω (maohmu), womwe ndi katundu yense amene mzerewo ungasenze. Input ya 250 Ω, kasikirini kowonjezera ndi zotetezera mphenzi zonse zilowe m'nambala imeneyi. Waya samadya zambiri: wa 0.75 mm² woyenda mamita 200 umawonjezera pafupifupi 10 Ω yokha. Chizindikiro cha mzere wolemedwa n'chodziwika: madzi akakhala ochepa zonse zili bwino, koma thanki ikamadzaza karenti imakanika kupitirira 17 kapena 18 mA, kapena sensa imazima n'kuyakanso. Ngati museta ndi HART, njira yolankhulana ndi sensa kudzera pa mawaya awiri omwewo, pamzere pafunika resistor ya 250 Ω, apo ayi chosetera sichiipeza sensa.

Gwiritsani ntchito kebulo ya mawaya opotana yokhala ndi shield, chokutira chachitsulo chotchinga phokoso la magetsi. Lumikizani shield ku earth mbali imodzi, ku panelo, ndipo kusensako muidule n'kuikulunga. Isayende m'njira imodzi ndi makebulo a mota, makamaka ochokera ku VFD, chida chosintha liwiro la mota. Siyani mpata wa masentimita 30, ndipo podutsana zipingasane. Pa sensa, kebulo itsike pang'ono isanakwere kulowa m'gland, chomangira cha pabowo lolowera kebulo, kuti madzi a mvula azidonthera pansi. Mangani gland mpaka kebulo isasunthe mukaikoka, tsekani bowo lina ndi pulagi yake, ndipo onetsetsani kuti labala ya chivundikiro yakhala bwino. Masensa ambiri amafa ndi madzi olowera apa, osati a m'thanki. Thanki yaitali ya panja imafunanso zotetezera mphenzi mbali zonse ziwiri za kebulo dzinja lisanafike.

Kulowetsa manambala

Ngati sensa inagwirapo ntchito kwina, ibwezereni kaye ku maseting'i a kufakitale, ndipo mufufute padera mapu akale a mawu onama (mawu obwerera kuchokera kuzopinga amene inaloweza kumeneko), poti m'masensa ena reset siwachotsa. Sankhani mamita, sankhani kuti mukuyeza zamadzi, ndipo nenani mtundu wa thanki ndi denga lake. Pafunso la mmene pamwamba pa madzi pamakhalira, musathamangire kusankha calm surface ngati pampu imathira kuchokera pamwamba. Standard ndi poyambira pabwino.

Nambala yoyamba yolowetsa ndi ya thanki yopanda madzi. Endress+Hauser imaitcha Empty calibration, pa Probe LU ndi P006, pa VEGA ndi Min. adjustment. Konseko lowetsani 4.50. Msampha uli pa nambala yachiwiri. Full calibration ya Endress+Hauser ndi P007 Span ya Siemens zimafuna kutalika kuchokera paziro kukwera m'mwamba, ndiye mulembe 4.00. Max. adjustment ya VEGA imafuna mtunda wochokera kusensa kutsika kufika pamadzi odzaza, ndiye mulembe 0.50. Mukalemba 0.50 pamalo ofuna 4.00, sensa idzafika 20 mA madzi atangokwera theka la mita, n'kukhala pomwepo.

Mukatero, tsegulani pomwe sensa imaonetsa mtunda umene ikuyeza, osati maperesenti, muyerekeze ndi nambala yachinayi ya tepi ija. Zikasiyana ndi sentimita imodzi kapena iwiri, zili bwino. Sensa ikanena mtunda waufupi kwambiri, yagwira chinthu china panjira. Tsitsani tepi pa mtunda umene ikunenawo ndipo mupeza chopondapo cha makwerero kapena mlomo wa paipi. Ngati chinthucho chingachotsedwe, kapena sensa ingasunthidwe, chitani zimenezo poyamba. Mapu ndi a zotsala zimene simungazichotse.

Kupanga mapu ndiko kuuza sensa kuti iloweze mawu onse obwerera kuchokera kuzinthu zosasuntha, kuti iziwanyalanyaza. Endress+Hauser imati mapping, VEGA imati false signal suppression, Siemens imati Auto False-Echo Suppression. Chitani izi madzi ali ochepa momwe mungathere, kuti zopinga zonse zikhale poyera. Chimene chamira sensa singachiloweze, ndipo chidzayamba kuvuta tsiku limene madzi adzatsike. Pampu ikhale yozima ndipo madzi akhale bata. Chofunika koposa ndi mtunda umene mukuuza sensa. Pamene menyu ikufunsa pothera mapu, athere theka la mita pamwamba pa madzi: madzi akakhala mamita 4.20 kuchokera kunkhope, lembani 3.70. Pamene ikufunsa mtunda weniweni wa madzi, monga pa VEGA, lembani wa tepi ndendende. Mapu akaphimba madziwo, sensa imaloweza madzi ngati chopinga, ndipo nthawi iliyonse akafika pamlingo umenewo imawataya n'kulumphira kwina. Mankhwala ake ndi kufufuta mapu onse ndi kupanganso. Mudzapangenso tsiku lililonse limene mwawonjezera paipi kapena chitsulo m'thanki.

Damping imachedwetsa yankho kuti mafunde a pamadzi asamagwedeze karenti. Werengerani musanasankhe. Pampu yothira malita 20,000 pa ola imakweza madzi m'thanki yathu ndi masentimita osakwana 5 pa mphindi, choncho masekondi 10 akuchedwetsa yankho ndi kochepera sentimita imodzi, zomwe zilibe vuto. M'kathanki kakang'ono kodzaza m'mphindi ziwiri, masekondi 30 ndi okwanira kusefukitsa madzi. Musagwiritse damping kubisa kulumpha kwakukulu, chifukwa kulumpha kotero kumakhala ndi gwero lake.

Sensa ikasiya kuona madzi

Muyenera kuiuza chochita mawu akapanda kubwerera. Muyezo wa NAMUR NE 43 umati karenti ya pakati pa 3.8 ndi 20.5 mA ndi ya kuyeza, pamene 3.6 mA kutsika kapena 21 mA kukwera ndi chizindikiro cha vuto. Masensa ambiri amakupatsani 3.6 mA, 22 mA, kapena hold, kumene ndi kusunga nambala yomaliza. Hold ndi yabwino kwa masekondi 30 mpaka 60 okha, kuti funde limodzi lisalize alamu. Kupitirira apo ndi yoopsa, poti pasikirini pamaoneka nambala yooneka bwino pamene sensa ili mumdima.

Pakati pa 3.6 ndi 22, ganizirani chimene pampu ichite ngati PLC itatenga nambalayo ngati yoona. Pa pampu yothira m'thanki, 3.6 mA imaoneka ngati thanki yauma ndipo pampu siima. Sankhani 22 mA kuti iime. Pa pampu yokoka m'thanki zimatembenuka: 22 mA imaoneka ngati madzi ndi ambiri, ndipo pampu imayenda youma mpaka seal kupsa. Thanki zambiri zili ndi mapampu a mitundu yonse iwiri, ndiye pulogalamu ya PLC iyenera kuzindikira yokha kuti karenti yatuluka m'malire, n'kuimitsa onse. Paja waya akaduka karenti imakhala 0 mA, zilibe kanthu kuti munasankha chiyani m'menyu.

Ku PLC ndi malita

Karenti yoyembekezeka ndi 4 kuphatikiza 16 kuchulukitsa ndi gawo la thanki lomwe ladzaza. Sensa ikaona madzi pa mamita 2.00, mlingo ndi 4.50 kuchotsa 2.00, womwe ndi 2.50, kapena 62.5 peresenti, ndipo multimeter iyenera kunena 14.0 mA. Pa PLC za Siemens S7, input yosetedwa 4–20 mA imapereka manambala oyambira 0 kufika 27648, ndiye apa muona 17280. Input ikasetedwa 0–20 mA, 4 mA imakhala 5530, ndipo mukaiwala kuyambira pamenepo thanki youma imaoneka ngati ili ndi 20 peresenti. Mukaona 20 peresenti yosatsika, yambani kufufuza apa.

Thanki yoimirira ndi yosavuta: 3.14 kuchulukitsa 1.5 kuchulukitsanso 1.5 kumapereka masikweya mita 7.07, ndiye sentimita iliyonse ndi malita 70.7, ndipo mamita 4.00 ndi malita pafupifupi 28,270. Thanki yozungulira yogona si choncho. Madzi akafika 10 peresenti ya kutalika kwake, malita amakhala 5.2 peresenti yokha. Pa 25 peresenti amakhala 19.6, pa theka ndi theka, pa 75 peresenti amakhala 80.4. Masensa ambiri ali ndi horizontal cylinder m'menyu ya linearisation, yosandutsa mlingo kukhala malita, ndipo amangofuna m'mimba mwa thanki. Masamu amenewa achitike malo amodzi, m'sensa kapena mu PLC. Akachitika konse kuwiri manambala amapindika kawiri.

Pampu yothira iyake pa 30 peresenti, yomwe ndi 8.8 mA, n'kuzima pa 90 peresenti, 18.4 mA. Mpata waukulu chotere umateteza mota kuti isamayake ndi kuzima pafupipafupi. Ikaninso float switch yapadera pansi pang'ono pa paipi yosefukira, kunja kwa bwalo la mawu, yodula contactor (switch yoyatsa mota) mwachindunji osadzera mu PLC. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi madzi osefukira usiku wonse.

Kuyesa ndi kuwerenga zolakwika

Yambani ndi simulation. Lamulani sensa itulutse 4, kenako 12, kenako 20 mA, multimeter ili pamzere, ndipo wina ku panelo atsimikize kuti akuona 0, 50 ndi 100 peresenti. Yesaninso 22 mA, kenako chotsani waya mmodzi, muone ngati mapampu aima ndipo alamu yalira. Musaiwale kutuluka mu simulation mukamaliza. Kenako yezani ndi tepi pamilingo itatu: madzi ali pansi, ali pakati, ndi atatsala pang'ono kudzaza. Mlingo umodzi sukwanira, chifukwa maonekedwe a kulakwitsako ndi amene amaulula gwero lake.

Ngati sensa ikulakwitsa ndi masentimita ofanana pamilingo yonse itatu, nambala ya Empty ndiyo yolakwika. Ikonzeni ndi masentimita omwewo. Ngati kulakwitsa kukukula madzi akamatsika n'kutsala pang'ono kutha thanki ikadzaza, vuto ndi liwiro la mawu, ndiye kuti kutentha kapena nthunzi. Yerekezani kutentha kumene sensa ikunena ndi thermometer yotsitsidwa m'thanki. Ngati sikirini ya sensa ikugwirizana ndi tepi koma PLC ikunena zina, musakhudze sensa. Vuto lili pa mawaya kapena pa masamu a PLC.

Nambala yoima malo amodzi madzi akutsikabe ndi mawu onama ochokera pa mtunda umenewo. Kulumphira ku 100 peresenti mbandakucha n'kubwerera dzuwa likakwera kumasonyeza madontho a mame pankhope kapena m'kapaipi. Pukutani ndi nsalu yofewa, onetsetsani kuti paipi yopumira thanki ndi yotsegula, ndipo kulungani kapaipi kachitsulo kuti kasamazizire kwambiri usiku. Akangaude ndi mavu omanga m'kapaipi amachitanso zomwezo, ndiye suzumirani ndi tochi musanayambe kusintha menyu. Kugwedezeka koyamba pampu ikangoyaka kuli ndi magwero awiri, ndipo kuwasiyanitsa n'kosavuta: ngati mtunda wa pasikirini ya sensa ukugwedezekanso, ndi madzi ogwera m'bwalo la mawu, ndipo mankhwala ndi kutsitsa paipi yothira kuti izithira pansi pa madzi. Ngati sikirini ili chete koma PLC ikuvina, ndi phokoso la VFD lolowa m'kebulo.

Zonse zikagwirizana, lembani pakhadi manambala a tepi, Empty, Full, mtunda wa mapu, damping, karenti ya vuto ndi tsiku, mulimate m'kati mwa chitseko cha panelo, kenako tsekani menyu ndi nambala yachinsinsi. Sensa ikadzafa, wobwera kudzaisintha adzamaliza m'mphindi zochepa popanda kukhuthula thanki.

Pamene ultrasonic siyenera

Thovu lokhuthala limameza mawu. Madzi otentha otulutsa nthunzi yambiri amasintha liwiro la mawu ndi kunyowetsa nkhope. Petulo ndi mankhwala osachedwa kuuluka amadzaza mpatawo ndi mpweya umene mawu amayendamo pa liwiro lina, ndipo pamalo otere chida chilichonse chiyenera kukhala ndi chiphaso cha ATEX kapena IECEx, chotsimikiza kuti sichingayatse mpweya wophulika. Palibe seting'i yomwe ingathetse izi.

Radar ya 80 GHz imamangidwa ndi kusetedwa mofanana, ndi Empty, Full ndi mapu omwewo, koma kutentha kwa mpweya sikuikhudza ndipo bwalo lake ndi laling'ono. Madzi amaibwezera chizindikiro champhamvu, dizilo chofooka, choncho sankhani mtundu woyenera wa zamadzi m'menyu. Pomwe pali thovu lambiri, kapena m'chitsime chopapatiza, sensa ya pressure yomira ndiyo yoyenera. Mita imodzi ya madzi imapereka 9.81 kPa, kapena pafupifupi 98 mbar, ndiye mamita 4 amafuna sensa ya 0.4 bar. Iyoyo imayeza kulemera, choncho m'dizilo, amene lita yake imalemera pafupifupi makilogalamu 0.84, imanena mlingo wotsika ndi 16 peresenti ngati simunakonze density, kulemera kwa lita imodzi. M'kebulo yake muli kachubu kopyapyala kopumira kamene kamaithandiza kuchotsera kulemera kwa mpweya wakunja. Kachubuko kasapindidwe, kasatsekedwe ndi tepi yamagetsi, ndipo kathere m'bokosi louma lokhala ndi sefa yopumira, chifukwa dontho limodzi likalowamo nambala imayamba kuyenda yokha ndi kusintha kwa nyengo.